Udzudzu Wosalakwa wa ku Chimwemwe

Mukafika ku Chimwemwe, ku Kitwe, n'kufunsa kwa a Lighton Miti, ambiri adzakupukusirani mutu. Koma mukati mukufuna mdala wa mbaula, uja anamenyana ndi udzudzu, ngakhale mayi wogulitsa tomato adzakulozerani geti lake. Amenewo ndi atate anga. Ine ndine Dolly, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndipo nkhondo ya udzudzuyo ankamenyera ine.

Atate anabadwira ku Katete koma sanakulireko. Makolo awo atamwalira, mlongo wawo wamkulu, azakhali anga a Anastasia, amene anakwatiwa ndi munthu wa pamgodi, anapita kukawatenga ali kamnyamata ka zipere m'mutu n'kubwera nawo kuno ku Kopala, dera la migodi. Azakhali analibe mwana, ndiye mwana wawo anakhala atate. Anawasambitsa, anawakwapula, anawaloweza katekisimu, anawapezera ntchito. Ngakhale mkazi, mayi anga a Georgina, ndi iwo anawalozera pakwaya ya kutchalitchi. Mpaka imvi zitamera, atate akamalankhula ndi mlongo wawoyo ankanjuta pansi, chipewa chili m'manja.

Kumgodi ankagwira za mapampu, kuchotsa madzi pansi pa nthaka. Ntchitoyo inawasiyira khalidwe losachoka. Chinthu chikavuta, iwo safuna kumva zoti ndi mmene zilili, amafuna aone ndi maso pamene pakudontha. Mgodi utadula anthu, iwo n'kupezeka m'gulu la odulidwalo, sanapite kukakhazikika kubala n'kumamwa mowa monga anzawo ena. Anagula nyundo, anatolera migolo yakale, n'kuyamba kusula mbaula pabwalo pa nyumba. Mayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba tinali awiri, ine ndi mdala wosadziwa kuluka tsitsi koma wosafuna kugonja. Zithunzi zanga za kupulayimale musadzandipemphe.

Nditatha msinkhu, nkhani inapita kwa azakhali monga mwa mwambo wathu. Iwo ankakhala ku Kwacha, komboni ina ya mu Kitwe momwemo, ndipo anali mlangizi wamkulu m'gulu la amayi a Anna Woyera. Atsikana a m'parishi tinkawaopa kuposa ansembe. Ananditsekera kuchipinda pamodzi ndi amayi anzawo n'kundiuza zambiri, zina zothandiza ndithu, sindingawanamizire. Koma lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo analibwereza atandigwira khutu: za kumwezi mwamuna asamve, makamaka atate ako. Akangomva, ndiye kuti wawavula.

Chimene sanandiuze n'chakuti matupi amasiyana. Anzanga ankapita kumwezi n'kumasewerabe mpira wamanja. Ine kunkayamba ndi msana kulemera, kenako pansi pa mchombo pankapotokola ngati munthu akufinya chitenje chochapa. Ululu unkatsikira m'ntchafu, thukuta lozizira lili kamukamu, kenako kusanza. Pabedi sipankagoneka, ndinkadzipinda pasimenti n'kumaluma pilo kuti mawu asatuluke. Tsiku loyamba ndi lachiwiri kusukulu kunalibe Dolly.

Ulendo woyamba atate atandipeza pansi choncho, anataya nyundo n'kuthamangira ku Kwacha. Azakhali anabwera, analowa, anandiyang'ana, n'kutuluka nkhope ili gwa.

"Ndi malungo," anatero. "Usalowemo, Lighton. Ndimusamala ndine."

Azakhali ankaganiza kuti atseka nkhani. Sanadziwe kuti apatsa munthu wa mapampu chochita. Malungo ali ndi kochokera, ndipo atate anapita kukakupeza. Anagula neti, kenako ina yophimba pamwamba pa yoyambayo. Anatchetcha udzu wa pakhomo pathu, wa m'mbali mwa msewu, mpaka wa kuseri kwa tchalitchi kumene palibe anawatuma. Chithaphwi chilichonse anachithira oyilo wakuda wa galimoto. Nthochi zathu zonse anadula, ati udzudzu umabisala m'makoko mwake. Madzulo ankayatsa makoyilo m'nyumba monse mpaka maso kuwawa, ndipo ine ndinkatuluka ndikununkha ngati nsomba yowamba.

Kenako anatembenukira kwa aneba athu, bana Witness, ndiye kuti amake Witness, mayi wa Chibemba wogulitsa vitumbuwa, amene madzi awo ochapira ankatsikira m'ngalande ya pakati pa nyumba zathu.

"Madzi anu akundiphera mwana!" atate ankakuwa ali pampanda.

Bana Witness ankabweza m'Chibemba chothamanga, atate akupitiriza m'Chinyanja, anthu odutsa n'kumaima kuti aonere zaulere. Ndikutsimikiza kuti mayiwo ankadziwa chimene chinkandivuta, chifukwa mkazi mnzako sungamubisire. Koma nawonso anakulira m'lamulo lomwelo. Ankalolera kutukwanidwa chifukwa cha ngalande kusiyana n'kuuza mwamuna zoona.

Mwezi wotsatira malungo aja anabweranso, winawo chimodzimodzi. Atate anaona ndithu kuti matendawo amasunga nthawi, koma poti ndi munthu wa pamgodi, anangoti udzudzu wa masiku ano uli ndi mashifiti. Lero ndimaseka. Nthawi imeneyo zinkandipsetsa mtima, kuona bambo wanzeru zake akupusitsidwa ndi akazi onse omuzungulira, ine ndemwe ndili m'gulumo.

Mankhwala a malungo amene ankagula pakantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, azakhali ankawalandira mwaulemu n'kukawaponya m'chimbudzi. M'malo mwake ankandiwiritsira mizu yowawa imene inkangowonjezera kusanza. Tsiku lina mnzanga Priscah anandigawira piritsi lochepetsa ululu, la mtundu umene iye ankamwa. Azakhali analipeza m'dzanja langa ndisanameze, ndipo analimenya linakagwera kuseri kwa kabati.

"Ona ine," anatero, atakhala pabedi panga. Mawu awo anali atatsika, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula ngati munthu osati ngati mlangizi. "Nanenso ndinkagubuduka chonchi ndili mtsikana. Nditangokwatiwa ndinapita kuchipatala mobisa, anandipatsa timapiritsi toyera. Ululu unachepa, inde. Koma m'mimba munauma. Ukuona mwana m'nyumba mwanga? Pirira, Dolly. Zimenezi zimatha ukabereka. Mankhwala ake ndi mwana."

Ndinawamvera chisoni, chenicheni. Koma chisonicho sichinachotse ngakhale pang'ono kupotokola kwa pansi pa mchombo panga.

Chaka cha Giredi Naini zinthu zinafika pothina. Mayeso a kumapeto kwa chaka ndiwo ankati anene ngati ndipitirire kusekondale, ndipo ine ndinali nditaphonya kale mayeso ang'onoang'ono angapo. Chaka chomwecho amuna awo a azakhali anamwalira, ndipo iwo anaganiza zobwerera ku Katete. Anabwera kwathu ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere chija timati ukwa, n'kukhala nafe podikira tsiku la ulendo. Atangomwa tiyi anatula nkhani.

"Mwanayu ndipita naye. Kuno udzudzu wamuzolowera magazi. Kumudzi kuli mphepo yabwino, akachira adzabwera."

Atate anali chinjutire pafupi ndi chitseko. Maso awo anali atafiira.

"Mwanena bwino, alongo," anatero. "Ine ndayesa zonse, zandikanika."

Mawu amenewo anandilasa. Munthu uyu analibe wina m'nyumba koma ine, ndipo ankandipereka chifukwa ankakhulupirira kuti walephera kundisamala. Komanso ine ndinkadziwa mankhwala amene ankandidikira ku Katete, poti azakhali anali atanditchulira kale dzina lake: mwana. Msuweni wanga Gladness anapita kumeneko kukapuma pang'ono ali Giredi Eyiti. Chithunzi chimene chinabwera pafoni pambuyo pake anali ndi mwana kumsana, yunifolomu yake atasokera mwanayo malaya.

Ndinayesa kuchonderera azakhali tili awiri. Anandiyankha kuti sukulu siithawa koma chiberekero chimathawa, n'kupitiriza kupinda zovala zanga.

Loweruka ulendo usanachitike, mwezi wanga unafika. Ndinagona pasimenti paja ndikumva nyundo ya atate panja, ndikuona madiresi anga akulowa m'chikwama limodzilimodzi. Pamwamba pa zonse atate anali ataikapo neti yatsopano, ikadali m'pepala lake, kuti udzudzu wa ku Katete usakandipeze. Neti imeneyo ndiyo inandidzutsa. Ndinagwira khoma, ndinaimirira, n'kutuluka nditawerama ngati nkhalamba.

Kunali masana. Atate anali pa mgolo wodula pakati. Bana Witness anali kuseri kwa mpanda akukazinga vitumbuwa. Azakhali ananditsatira mpaka pakhomo.

"Bwerera ukagone, iwe."

Sindinacheuke.

"Atate," ndinatero.

Nyundo inaima m'mwamba.

"Ine sinidwala malungo. Nili kumwezi. Mwezi uliwonse ni chimenechi chinipweteka, si udzudzu. Aanti adziwa. Ndipo ku Katete ine siniyenda."

Sindinanong'one. Ndinalankhula kuti ngakhale wodutsa mumsewu amve, chifukwa ndinali nditatopa ndi kuluma pilo.

"Mayo ine!" azakhali anagwira kumutu. "Mwana iwe, wavula atate ako dzuwa likuswa mtengo! Pamaso pa anthu!"

"Ngati ni kuvula, navula," ndinayankha. "Koma sukulu sinisiya chifukwa cha chinthu chimene simufuna kuchitchula."

Atate anatsitsa nyundo pang'onopang'ono. Manyazi anawagwira, ndinaona, makutu awo anachita kuda. Sanandiyang'ane. Anayang'ana zitsa za nthochi zija, anayang'ana ngalande, kenako mlongo wawo.

"Alongo, n'zoona?"

"Si za amuna izi, Lighton."

"Sindinafunse ngati n'za amuna. Ndafunsa ngati n'zoona."

Azakhali analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Atate anaimirira, anapukuta manja pa ovolosi, ndipo ine ndinaganiza kuti akutuluka pageti kuthawa manyazi. Koma analunjika kumpanda, anavula chipewa, n'kulankhula Chibemba chimene m'mikangano yonse ija ankakana kuchigwiritsa ntchito.

"Munjeleleko, mayo. Nshaishibe."

Anapepesa choncho, kuti sankadziwa. Bana Witness anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya atate analeka.

"Awe, bashi Dolly, zinapita izo."

"Manje ndiuzeni," atate anatero. "Inu azimayi mumachita bwanji zikatere?"

Mayiwo anaphula vitumbuwa, anatenga botolo lapulasitiki, anathiramo madzi otentha osakaniza ndi ozizira pang'ono kuti lisandiwotche, analikulunga m'chitenje n'kundipatsira pamwamba pa mpanda. Anati ndiliike pansi pa mchombo, likazizira ndisinthe madzi. Nditaliika, m'mimba munayamba kumasuka pang'onopang'ono, ndipo ndinalira, osati ndi ululu koma ndi ukali. Botolo wamba! Linali kuseri kwa mpanda nthawi yonseyi.

"Koma uyu zake n'zazikulu," bana Witness anawonjezera. "Mumutwale ku kiliniki."

Lolemba atate anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita nane. Pabenchi panali azimayi okhaokha, ena oyembekezera, ena ndi makanda, ndipo mdala wanga anakhala pakati pawo chipewa chili pabondo. Ankamuyang'ana n'kumagwedezana. Iye anangoti phee, maso kutsogolo. Namwino atamaliza kundifunsa ndi kundipima, ndinapempha kuti atate alowe. Anadabwa, koma anawaitana.

Atate anafunsa monga ankafunsira pampu ikavuta. Chikuchititsa n'chiyani? Namwino anafotokoza kuti chiberekero chimadzifinya kuti chitulutse magazi, ndipo kwa atsikana ena chimafinya mwamphamvu kwambiri. Nanga chothetsa? Anatulutsa mapiritsi a Brufeni, nati ndiyambe kumwa ndikangomva msana kulemera, osadikira kuti ululu ukule, ndizimwa nditadya, ndipo ndisapitirire mlingo umene wandiuza. Botolo lotentha analivomereza, nawonjezera kuti kuyendayenda pang'ono kumathandiza kuposa kudzipinda tsiku lonse. Anatinso zikapanda kusintha pakapita miyezi ingapo ndibwererenso, akaone ngati palibe vuto lina.

"Funso lomaliza, a sisitala," atate anatero. "Mapiritsi awa saumitsa m'mimba? Sadzalephera kubereka?"

"Ayi, bambo. Amangochepetsa ululu. Saletsa kubereka."

"Ngakhale akale aja, oyera, amene ankapereka zaka za kumbuyoko?"

"Ochepetsa ululu sanaumitsepo munthu. Kusabereka kuli ndi zifukwa zake zina, nthawi zina si za mkazi n'komwe."

Atate anawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Potuluka nkhope yawo inali itawala. Panjira ankayenda mothamanga moti ndinkatsalira.

"Alongo anga akhala akudziimba mlandu moyo wawo wonse," anandiuza. "Lero ndikawamasula."

Apa ndi pamene munthu wa mapampu analakwitsa koposa pa udzudzu paja. Iye ankaganiza kuti aliyense amasangalala akauzidwa pamene pakudontha penipeni. Tinawapeza azakhali atakhala pakhonde, korona ili m'manja. Atate ananjuta n'kufotokoza zonse mwachimwemwe, kuti mapiritsi aja analibe mlandu, kuti iwo sanadziwononge okha, kuti asiye kudzizunza.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto. Korona inasiya kuyenda m'zala zawo.

"Ndiye ukuti chiyani, Lighton? Ukuti ndinabadwa wouma?"

"Ayi, alongo, ine ndimati..."

"Zaka zonsezi ndimadziwa chimene chinandilanda ana. Ndinali nacho choti ndiloze. Iwe wapita kukakhala pabenchi ya azimayi tsiku limodzi, wabwera kudzandilanda nacho chomwe."

Ine ndinaima pambali ndi kapepala ka mapiritsi m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti azakhali ndi nkhalamba.

M'mawa wa ulendo anatulutsa chikwama chija pabwalo, zovala zanga zikadali momwemo. Ine ndinali nditavala yunifolomu dala, nsapato zopolisha, mabuku kumsana. Ndinali nditamwa phala ndi piritsi langa, ndipo ndinaima chilili.

"Kavule izo," azakhali anatero. Kenako anatembenukira kwa atate. "Ndinakutola uli ndi zipere. Sindinakupemphepo kanthu. Lero ndikupempha mwanayu, ndimupulumutse asadzakhale ngati ine. Ukandikaniza, ulibe mlongo."

Atate anagwada pa fumbi, mawondo onse awiri. Misozi inkatsika osaipukuta.

"Munandilera, alongo, ndipo sindidzatha kukubwezerani. Tengani chilichonse m'nyumba muno. Koma mwana sapita. Ali ndi mayeso."

Anatsegula chikwamacho iwo eni, anatulutsa madiresi anga n'kundipatsira, anatseka zipi. Kenako anachisenza pamutu n'kuperekeza mlongo wawo kukakwera minibasi ya kutauni. Azakhali anayenda patsogolo njira yonse osacheuka. Atakwera anakhala mbali ya kutali ndi windo, ndipo atate anaima pasiteji mpaka minibasi inakhota.

Mayeso ndinalemba, pepala lina botolo lili pamimba mkati mwa juzi, ndipo ndinakhoza. Ululu sunathe, musanamizidwe, koma unasanduka chinthu chimene ndingathe kupita nacho kusukulu. Atate anazolowera msanga moti anafika pochititsa manyazi ine amene. Ankatha kukuwa ali pabwalo, makasitomala a mbaula ali pomwepo, kuti, "Dolly, madzi a botolo lako awira!" Azimayi a Anna Woyera anawajeda mpaka kutopa. Amene amafuna kudziwa ngati ndinadzabereka, poti alipo ambiri ndipo amafunsa mozungulira, adikire. Ndikugwira ntchito ku Ndola, ndipo mimba yanga si nkhani ya parishi.

Azakhali ali moyo ku Katete. Gladness amatiuza kuti akulimba ndithu, amalima mtedza, ndipo dzina la atate salitchula. Lamulungu lililonse akachoka ku Misa, atate amakhala pa mgolo wawo n'kuimba foni kumeneko. Imalira mpaka kuduka yokha. Amaibweza m'thumba.

Ulendo wina nditapita kukawaona ndinawapeza ali choncho, ndipo ndinalimba mtima n'kufunsa ngati amanong'oneza bondo.

"Ndimawasowa tsiku lililonse," anatero. "Amene aja ndi amayi anga, Dolly. Ndinawapweteka, ndipo mwina ndidzafa asanandikhululukire."

Anatulutsa foni ija n'kuiyang'ana.

"Koma atabweranso lero kudzakutenga, ndingawakanizenso."